Kodi ndikupita padera chifukwa cha kadyedwe kapena mahomoni?

Funso: Ndine mayi wa zaka 29 ndipo ndapita padera kawiri motsatizana, mimba zonse zisanakwane miyezi itatu. Apongozi anga akuti vuto ndi kadyedwe, moti andiletsa mazira, pomwe mnzanga akuti ndi mahomoni chifukwa ndimasamba modumphitsa miyezi komanso ndanenepa kwambiri. Ndimvere ndani? Mayi wodandaula, Dedza.

Yankho: Pepani kwambiri mayi. Pa mimba 100 zimene mwini wake wazizindikira, pafupifupi 10 mpaka 20 zimachoka, zambiri m'masabata 12 oyambirira, ndipo pafupifupi theka la zochoka msanga chonchi limachoka chifukwa makromozomu a mluza, tizinthu tonyamula chibadwa chochokera kwa makolo, sanakhale bwino pamene dzira linkakumana ndi umuna, zomwe mayi sangazikonze ndi chakudya chilichonse.

Komabe mawu a mnzanuyo musawataye. Kusamba modumphitsa kukaphatikizana ndi kunenepa, makamaka ngati pachibwano pakumera tsitsi lolimba, dokotala amaganizira vuto lotchedwa PCOS, limene limasokoneza kakhwimidwe ka mazira a m'thupi la mayi ndipo kawirikawiri limachititsa thupi kusamvera insulini, homoni yotsitsa shuga m'magazi. Shuga akakhala wokwera m'masabata oyambirira, pamene ziwalo za mwana zikuumbidwa, mimba imachoka mosavuta, koma mayi amene shuga wake watsitsidwa asanaime amachepetsa kwambiri ngoziyo. Chithokomiro nacho, chiwalo cha pakhosi, chikamatulutsa mahomoni (timadzi toyendetsa ntchito za thupi) ochepa kapena ochuluka mopyola muyeso chimatha kusokoneza msambo ndi mimba yomwe, ndipo poti zizindikiro zake, monga kutopa ndi kumva kuzizira, anthu amazipeputsa, chimadziwika bwino poyeza magazi, ngakhale kuti mwina angakutumizeni kuchipatala chachikulu.

Ambiri amafunsanso za projesteroni, homoni imene imakonza chiberekero kuti mluza ukhazikike. Mu 2021 bungwe la NICE, lolangiza za chithandizo cha zaumoyo ku Britain, lidalangiza kuti iziperekedwa kwa mayi amene akutaya magazi mimba ili yaing'ono ndipo adapitapo padera kale. Si mankhwala ogula nokha kufamase, chifukwa mimba iyenera kuunikidwa kaye kuti aone ngati yakhaladi m'chiberekero.

Kadyedwe kali ndi mbali yake, koma osati momwe apongozi anu akunenera. Mazira ophika bwino sachotsa mimba, ndipo kuwaleka n'kudzimana chakudya chomanga thupi. Choopsa ndi kuonda kwambiri kapena kunenepa kwambiri, kumwa mowa, kaya ndi masese kaya kachasu, kusuta fodya, ndi kuchulutsa khofi. Bungwe la WHO limalangiza oyembekezera amene amapyola mamiligalamu 300 a kafeini patsiku kuti achepetse. Mchere wanu uzikhala wa ayodini ndipo muziusunga m'chitini chotseka bwino kutali ndi moto, popeza chithokomiro chimadalira ayodiniyo. Vitamini wotchedwa folic acid, mamaikulogalamu 400 tsiku lililonse, muyambe kumwa musanaime, ngakhale kuti ntchito yake yotsimikizika ndi kuteteza msana ndi ubongo wa mwana osati kuletsa kupita padera.

Musanayeserenso, pitani kuchipatala pamodzi ndi amuna anu, mukafotokoze nthawi imene mimba iliyonse inachokera, ndipo mukapemphe kuyezedwa shuga, chithokomiro ndi kuchuluka kwa magazi. Akakuyezeninso chindoko nonse awiri, ndipo muzigona m'neti, chifukwa kuno kwathu chindoko ndi malungo zimawononga mimba zambiri. Mukadzangoima muyambe sikelo mwezi womwewo, ndipo mukadzaona magazi kapena kumva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena, musadzadikire kuti kuche.