Funsani Achimwene: Database yathu ikuyenda ngati bilimankhwe

Funso: Achimwene, ndimayang'anira makompyuta pa SACCO ina kuno ku Zomba. Database yathu (nkhokwe ya maakaunti a mamembala pa kompyuta) ya pulogalamu ya PostgreSQL ili pa hard disk ya 4 TB, ndipo mwezi ukamatha imachedwa koopsa, mamembala kuchita kutopa pamzere. Abwana akuti ndalama yogulira ma SSD (madisiki othamanga kuposa hard disk) okwana zonsezo palibe. Nditani? Ndine mlongo wanu.

Yankho: Achemwali, abwanawo musalimbane nawo. Chimanga chonse sichikhala kukhitchini: chimakhala m'nkhokwe, pafupi ndi mafuwa pamangokhala ufa wa sabata ino. Mu 4 TB zanuzo, zomwe makalaliki amatsegula tsiku ndi tsiku ndi ngongole zomwe zikubwezedwa ndi ma index ake (milozo yothandiza database kupeza zinthu msanga). Maakaunti akale angogona.

Hard disk imachedwa chifukwa ili ndi kamkono koyenera kusuntha pofuna kachidutswa kalikonse. Yozungulira ka 7,200 pa mphindi imangofika malo obalalika pafupifupi 100 pa sekondi, pomwe SSD, yopanda chosuntha, imafika masauzande ambirimbiri. Ndiye gulani SSD ya NVMe (mtundu wothamanga kwambiri), ngakhale ya 500 GB, ikhale cache patsogolo pa hard diskiyo, kutanthauza posungira pafupi zinthu zotsegulidwa kawirikawiri, ngati ufa wa sabata uja. Ngati seva yanu ndi ya Linux, pulogalamu yopangira cache yotchedwa bcache ilimo kuyambira 2013, koma imafuna kukonza disiki mwatsopano. Ngati muli kale pa LVM (njira ya Linux yoyendetsera madisiki), cache yake yotchedwa lvmcache imangolumikizidwa popanda kufufuta kanthu. Backup yokha tengani musanakhudze chilichonse.

Pomwe ndikufuna mumvetsetse ndi apa. Cache ya writethrough imalemba ku SSD ndi ku hard disk komwe isanavomere kuti yasunga, choncho chimafulumira ndi kuwerenga kokha. Ya writeback imavomera ikangolemba pa SSD, kwinako imakatula pambuyo pake. Imathamanga zedi, koma ine inandilizapo. Pamalo ena pomwe ndinkagwira ntchito magetsi anathima masana, SSD yotchipa inataya zomwe inali itavomera kale, ndipo tinachezera usiku kulowetsanso malisiti pamanja. Ndalama za anthu si zoyesera. Yambani ndi writethrough. Writeback muiganizire mukakhala ndi UPS (batire yothandiza magetsi akathima) yodalirika ndi ma SSD awiri olemba zofanana, amene ali ndi power loss protection, kutanthauza kuti sataya zomwe avomera magetsi akathima mwadzidzidzi.

Wina akakutsatsani SSD ya Intel yotchedwa Optane, dziwani kuti inali yabwino kwambiri pa ntchito imeneyi, koma Intel inalengeza mu 2022 kuti ikusiya bizinesiyo, ndiye ikafa yolowa m'malo idzakuvutani.

Simunandiuze kuti sevayo ili ndi RAM (memori yomwe kompyuta imagwirira ntchito) yochuluka bwanji. Ikakhala 8 GB yokha, yambani ndi kuiwonjezera, ndipo lipoti la kumapeto kwa mwezilo mulione ndi EXPLAIN ANALYZE, lamulo la PostgreSQL losonyeza pomwe nthawi ikuthera, mwina pali index yomwe ikusowa.