Kachipangizo ka OBD2 pa Sienta yochokera ku Japan: ndikagula, ku garaja ndisiya?

Mayi wina wa ku Lilongwe andilembera imelo. Ali ndi Toyota Sienta ya 2012 yomwe anaitanitsa ku Japan. Nyali yachikasu ya injini ikayaka amapita ku garaja, amalipira kuti galimoto "iikidwe pa kompyuta", nyali ija n'kuzimitsidwa, koma pasanathe sabata imayakanso. Aona pa intaneti tizipangizo totsika mtengo tolumikiza galimoto ndi foni, ndipo akufunsa ngati timagwiradi ntchito, komanso ngati akagula asiya kupita kwa makaniko.

Mayi, kaguleni. Kwa makaniko simusiya kupita, koma muzipita mukudziwa chimene galimoto yanu ikudandaula, ndipo zimenezo zokha zibweza ndalama yanu.

Pansi pa dashibodi, kufupi ndi chiwongolero, pali soketi ya timabowo 16. Soketi imeneyi ndi ya OBD2, njira yowerengera mavuto a galimoto imene dziko la America linalamula kuti galimoto zonse zatsopano zikhale nayo kuyambira 1996. Ku Europe anatsatira mu 2001 pa galimoto za petulo, za dizilo mu 2004. Kompyuta ya injini ikaona chinachake chalakwika imasunga khodi (nambala ya vutolo) n'kuyatsa nyali ija. Kachipangizo mwaonako ntchito yake n'kutenga khodiyo n'kuitumiza ku foni kudzera pa Bluetooth kapena WiFi. Tambiri timalembedwa kuti ELM327, dzina la chipu chimene kampani ya ku Canada ya Elm Electronics inapanga, ngakhale kuti pafupifupi tonse totchipa n'tongokopera.

Apa mpamene ife oyendetsa galimoto za ku Japan tiyenera kusamala. Galimoto zimene zinapangidwira msika wa ku Japan komweko sizinkatsatira lamulo la ku America lija, ndipo lamulo lawo lofanana nalo linayamba mu 2008. N'chifukwa chake Vitz kapena Corolla yakale ikhoza kukhala ndi soketi yomweyo koma osayankha. Yanu ya 2012 mwayi ndi waukulu kuti iyankha. Komabe ngati mukugula m'sitolo, pemphani kuti mukayese pagalimoto musanalipire. Mwa tokopera tija, tolembedwa v2.1 ndi timene timakonda kuvuta, makamaka pa galimoto zakale. Ngati foni yanu ndi iPhone, funani ka WiFi kapena ka Bluetooth 4.0, chifukwa ka Bluetooth wamba kamangogwirizana ndi Android.

Kulumikiza sikuvuta. Lowetsani kachipangizoko musoketi, tembenuzani kiyi mpaka nyali za pa dashibodi ziyake, kenako kapezeni pa Bluetooth. Foni ikafunsa nambala yachinsinsi, nthawi zambiri imakhala 1234 kapena 0000. Pulogalamu yoyambira nayo bwino ndi Car Scanner, yomwe imapezeka pa mafoni a mitundu yonse iwiri. Ya Torque nayonso ndi yabwino koma ndi ya Android.

Chimene chikundikhudza kwambiri pa imelo yanu ndi kuzimitsa nyali kuja. Kufufuta khodi si kukonza. Munthu akadina batani lofufutira, kompyuta imataya khodiyo pamodzi ndi zimene inajambula panthawi imene vuto linachitika: liwiro la galimoto, kutentha kwa injini, mmene injini inkazungulirira. Zimenezi ndi zimene makaniko wodziwa ntchito amafuna kuti apeze gwero la vuto. Kenako kompyuta imayambiranso kudziyeza, ndipo ikalipezanso vuto lomwe lija nyali imabwerera. N'zimene zakhala zikukuchitikirani. Ndiye tsiku loyamba musafufute kalikonse. Jambulani khodiyo ndi zonse zimene foni yaonetsa, mulembenso tsiku ndi makilomita.

Nthawi zambiri khodi imakhala ndi chilembo chimodzi ndi manambala anayi. Yoyamba ndi P ndi ya injini ndi magiya. Ikakhala P0, tanthauzo lake n'chimodzimodzi pa galimoto zonse, koma ikakhala P1 ndi ya kampani imene inapanga galimotoyo, choncho poifufuza muzilemba ndi dzina la Toyota lomwe.

Khodi imaloza pamene pali vuto, sikuti imatchula chitsulo choti mugule. Anthu ambiri amataya ndalama pamenepa. Tengani P0171. Imatanthauza kuti injini ikulandira mpweya wambiri kuposa mafuta. Ena akaiona amathamangira kukagula sensa ya oksijeni, chonsecho sensayo ndi imene yanena zoona. Chochititsa chikhoza kukhala paipi ya mpweya yong'aluka, pampu ya mafuta yofooka, kapena fumbi lodzaza pa sensa yoyeza mpweya imene ili pafupi ndi fyuluta. Ndi fumbi lathu la m'chilimwe, ine ndimayambira pa sensa imeneyo, chifukwa kuitsuka ndi mankhwala ake sikudula. Mu pulogalamu muli nambala yotchedwa long term fuel trim, yosonyeza mafuta amene kompyuta ikuwonjezera kuti zinthu zilingane. Ikamapitirira 10 peresenti injini ikungolira pamalo amodzi, koma n'kumatsika mukaponda moto, ganizirani za mpweya umene ukulowera pena pong'aluka.

Kapena P0301, yomwe imati silinda yoyamba sikuwotcha mafuta bwino. Injini ya Sienta yanu ili ndi masilinda anayi, iliyonse ndi koyilo yake yopereka moto ku pulagi. Makaniko asinthanitse koyilo ya silinda yoyamba ndi ya yachiwiri. Khodi ikasanduka P0302, koyilo ndiye yafa. Ikakhalabe P0301, aone pulagi, injekitala, kenako kompuresheni. Mwa njira imeneyi mugula koyilo imodzi osati zinayi. P0420 ndi ya catalytic converter, chitsulo cha mu ekizozi choyeretsa utsi, ndipo pa galimoto imene anaichotsa chitsulo chimenechi khodiyo izibwerabe ngakhale mufufute kangati.

Nyali ikamaphethira m'malo mongoyaka, musadikire za foni. Ndiye kuti mafuta osapsa akulowa mu ekizozi ndipo akhoza kuwononga catalytic converter. Chepetsani liwiro, imani pamalo abwino. Nyali yofiira ya oyilo kapena ya kutentha ikayaka, zimitsani injini pompo.

Pali zimene kachipangizo kotchipa sikangathe. Nthawi zambiri kamangowerenga za injini. Za ABS, ma airbag ndi zina za giyabokosi zimafuna makina akuluakulu a ku garaja aja, ndiye kulipira pamenepo si kuberedwa ayi. Kugogoda kwa mashoko, mabuleki otha ndi mabushi sikamva n'komwe. Ndipo musamakasiye musoketi usiku. Soketi ija imakhala ndi magetsi ngakhale kiyi mwachotsa, moti galimoto ikakhala masiku ingapo osalizidwa mukhoza kupeza batire latha.

Kadzakuthandizaninso tsiku limene inu kapena m'bale wanu akugula galimoto kwa munthu. Pulogalamu imasonyeza ngati kompyuta yamaliza kudziyeza mbali zosiyanasiyana za injini. Mukaona kuti palibe khodi koma mbali zambiri zikuti sizinamalize, ndiye kuti wina wangofufuta kumene, kapena batire linachotsedwa posachedwa. Funsani, ndipo yendani nayo galimotoyo kamtunda ndithu musanaiyezenso. Ogula Aqua kapena Prius aonenso pulogalamu ya Dr. Prius, yomwe imayeza batire lalikulu la galimoto za hybrid. Khodi ya P0A80 pa galimoto zimenezi imatanthauza kuti batirelo lafooka, ndipo mtengo wake si wamasewera.

Mukapita ku garaja, mayi, musakafike ndi mawu akuti "ndisinthireni chakuti". Aonetseni khodi ndi zithunzi mwajambula, muwafunse kuti ayeza chiyani asanagule sipeya, ndipo akamaliza mupemphe chitsulo chakale chimene achotsa. Mukawerenga khodi yanu yoyamba munditumizire pamodzi ndi makilomita a galimotoyo, tidzaione limodzi.