Magawo a Doctor Who amene mukusowawo anafufutidwa ndi eni ake

Kalata ya sabata ino yachokera kwa wowerenga wina wa ku Chipata. Akuti amakonda mapulogalamu akale a pa wailesi ya kanema, a nthabwala, a zopeka za sayansi ndi oopsa omwe. Funso lake nali: "Ndayesa kuonera Doctor Who kuyambira pachiyambi, koma magawo ena sakupezeka kulikonse. Pena ndimangopeza mawu ndi zithunzi zosayenda. Chonsecho I Love Lucy, yomwe ndi yakale kuposa pamenepo, ilipo ndipo imaoneka bwinobwino. Kodi alipo amene akubisa magawowa kuti tidzagule? Nanga ine ndiyambire pati?"

Achimwene, palibe amene akubisa. Akanakhala nawo bwenzi atakugulitsani kalekale. Magawo amenewa anafufutidwa ndi a BBC eni ake, mwadala, ndipo pa nthawiyo ankaona kuti akusamala ndalama.

Doctor Who inayamba kuulutsidwa pa 23 November 1963, tsiku lotsatira kuphedwa kwa John F. Kennedy. Masiku amenewo BBC inkajambula masewero otere pa matepi akuluakulu a mainchesi awiri m'lifupi, odula kwambiri. Ubwino wa tepi unali woti ukatha kuulutsa pulogalamu umatha kufufuta n'kujambulapo ina, ngati sileti ya mwana wa sukulu. Ndiye akuluakulu ankadzifunsa kuti, tisungirenji chinthu chomwe anthu aonera kale? Kuchibwereza sikunali kophweka. Bungwe la ochita zisudzo la Equity linkaopa kuti mapulogalamu akamangobwerezedwa mamembala ake asowa ntchito, choncho mapangano ankalola kubwereza kangapo kokha, mkati mwa nthawi yochepa. Nthawiyo ikadutsa, kunkafunika kukambirananso ndi kulipiranso. Kuonjezera apo, kuyambira 1967 kanema wa ku Britain anayamba kuonetsa zamitundu, ndipo zakuda ndi zoyera zija zinayamba kuoneka ngati katundu wotha ntchito. Za kaseti ya kunyumba, DVD kapena intaneti panalibe amene ankazilota. Kufufutaku kunapitirira mpaka cha mu 1978, pomwe BBC inasintha maganizo n'kuyamba kusunga. Pa magawo 253 a zaka zisanu ndi chimodzi zoyambirira, oposa 90 akusowabe. Nkhani yonse ya Marco Polo ya mu 1964, magawo asanu ndi awiri, palibe ngakhale limodzi. Gawo lomwe Doctor, mwini nkhani wa pulogalamuyi, anasandulika kuchoka kwa wosewera woyamba William Hartnell kukhala Patrick Troughton mu 1966 nalonso linapita, kunangotsala kachidutswa kakafupi.

Tsono bwanji I Love Lucy ilipo? Apa ndi pomwe nkhaniyi imandikomera ine. Mu 1951 mapulogalamu ambiri a ku America ankaulutsidwa pompopompo kuchokera ku New York. Madera akutali ankalandira kope loipa, lojambulidwa poika kamera kutsogolo kwa sikirini. Kampani ya fodya yomwe inkalipira pulogalamuyi inkafuna kuti izichitikira ku New York komweko, chifukwa ogula ambiri anali kum'mawa. Lucille Ball ndi mwamuna wake Desi Arnaz, omwe ankasewera m'pulogalamuyi, anakana kusamuka ku Los Angeles. Anati tijambula pa filimu, ngati mmene amachitira a ku Hollywood. Filimu inali yodula, ndiye awiriwa anavomera kuti malipiro awo adulidwe, koma mafilimuwo akhale awo. A CBS, wailesi ya kanema yomwe inkaulutsa pulogalamuyi, anavomera, poganiza kuti achenjera. Patapita zaka zochepa anawagulanso mafilimu omwewo ndi madola mamiliyoni angapo.

Munthu amene anakonza kaunikidwe ndi kajambulidwe kake, ka makamera atatu nthawi imodzi pamaso pa anthu oonera, anali Karl Freund. Ameneyu ndi yemwe anagwira kamera pa mafilimu a Metropolis ya mu 1927 ndi Dracula ya mu 1931. Kampani ya banjali, Desilu, ndi yomwenso inadzatulutsa Star Trek mu 1966. Ndiye mukamati mumakonda nthabwala, zoopsa ndi zopeka za sayansi pamodzi, musadziyese wosokonezeka. Zinthu zitatuzi zinkadutsa m'manja mwa anthu amodzimodzi.

Kusiyana kwake ndi kumeneko. Filimu sungaifufute n'kujambulapo zina, ndipo mwini wake wa I Love Lucy anali munthu yemwe ankapeza phindu poisunga. The Twilight Zone nayo inapulumuka chimodzimodzi, magawo onse 156 a pakati pa 1959 ndi 1964. Asanu ndi limodzi okha ndi omwe anajambulidwa pa tepi pofuna kuchepetsa ndalama, ndipo mukawapeza mudzawazindikira msanga ndi maonekedwe ake.

Magawo a Doctor Who amene tili nawo lero, ambiri anapulumuka chifukwa cha malonda akunja. BBC inkakopera pulogalamuyi pa filimu ya mamilimita 16 n'kugulitsa ku mayiko ena. Zitini za mafilimuwo zinkayenda kuchoka wailesi ina kupita ina, dziko ili likatha kuonetsa n'kutumiza dziko lotsatira. Womaliza ankayenera kubweza ku London kapena kuwononga. Mwamwayi si onse amene anamvera. The Tomb of the Cybermen inabwerako kuchokera ku Hong Kong kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mu 1983 magawo awiri anapezeka m'chipinda chapansi cha tchalitchi china ku London. Ndipo mu 2013 kunalengezedwa kuti magawo asanu ndi anayi apezeka mumzinda wa Jos ku Nigeria, atangokhala pa shelefu kwa zaka zambirimbiri. Anawapeza ndi munthu wina wa ku Britain dzina lake Philip Morris, lomwe mwangozi ndi dzinanso la kampani ya fodya ija yomwe inkalipira I Love Lucy.

Kwanu ku Zambia kuli m'nkhaniyi. Wailesi ya kanema ya kumeneko inali m'gulu la zomwe zinkagula Doctor Who m'zaka za m'ma 1960, kotero alipo agogo ena ku Kitwe kapena ku Lusaka omwe anaona ndi maso awo magawo amene lero anthu a ku Britain akuwalira. Ife a ku Malawi zimenezi zinatipita, poti dziko lathu linakhala lopanda wailesi ya kanema yakeyake mpaka 1999.

Mawu ndi zithunzi zosayenda zomwe mukukumana nazozo musazinyoze. Ndi ntchito ya anthu onga inu. M'zaka za m'ma 1960 achinyamata ena okonda pulogalamuyi ankaika maikolofoni pafupi ndi sipika ya kanema n'kujambula mawu pa matepi awo kunyumba, ena mpaka kulumikiza mawaya mkati mwenimweni kuti phokoso la m'nyumba lisalowe. Chifukwa cha iwowa, gawo lililonse losowa lili ndi mawu ake onse. Zithunzizo zambiri anajambula ndi John Cura, yemwe ntchito yake inali kutola zithunzi pa sikirini pulogalamu ili mkati n'kugulitsa kwa ochita sewero ndi owongolera. Masiku ano BBC imatenga mawu omwe ana aja anajambula n'kuwaveka makatuni, monga inachitira ndi The Power of the Daleks mu 2016. Makatuniwo ine sandigwira mtima kwenikweni. Nkhope ya Troughton inkasintha kambirimbiri pa chiganizo chimodzi, ndipo wojambula makatuni sangaitsatire. Komabe bola amenewo kusiyana n'kusowa.

Za poyambira, langizo langa ndi loti musayambire pachiyambi. Doctor Who ya Hartnell imayenda pang'onopang'ono, chifukwa inapangidwa kuti izioneredwa mphindi 25 pa sabata, osati magawo asanu ndi awiri usiku umodzi. Mukaiunjika, mudzaona kuti anthu amangogwidwa, kuthawa, n'kugwidwanso.

Yambani ndi The Twilight Zone. Gawo lililonse ndi nkhani payokha, ndipo ambiri satha theka la ola. Rod Serling, yemwe analemba magawo 92 mwa onsewo, anali atatopa ndi makampani otsatsa malonda. Atayesa kulemba sewero lochokera pa kuphedwa kwa Emmett Till, mnyamata wakuda wa zaka 14 yemwe anaphedwa ku Mississippi mu 1955, analisintha mpaka silinkadziwikanso kuti likukamba za chiyani. Anazindikira kuti zomwe sangaloledwe kunena za anthu enieni akhoza kuzinena kudzera mwa alendo ochokera ku maiko a kumwamba. Onerani The Monsters Are Due on Maple Street ya mu 1960. Magetsi azima mumsewu wina, magalimoto akukana kulira, kamnyamata kena kanena kuti pakati pawo pali mlendo wobisala, basi anthu oyandikana nyumba ayamba kulozana zala. Chilombo simuchiona mpaka kumapeto, ndipo pofika pamenepo munthu wafa kale, wophedwa ndi mnansi wake. Aliyense amene anaonapo mmene mphekesera ya anamapopa imayendera m'mudzi sadzafuna womumasulira.

Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi anthu amene amati zakalezi n'zoseketsa chifukwa zilombo zake zimachita kuonekeratu kuti ndi munthu wavala mphira. Zoona, zina zimaseketsadi. Chilombo cha pa phiko la ndege mu Nightmare at 20,000 Feet chimaoneka ngati chidole cha ubweya. Koma yang'anani nkhope ya William Shatner, yemwe akusewera munthu woti wangochira kumene matenda a maganizo ndipo akudziwa kuti akanena zomwe akuona palibe amukhulupirire. Mantha ake ali pamenepo. Opanga mapulogalamuwa analibe ndalama zoonetsera zambiri, ndiye ankalimbikira pa zolankhula, pa mdima ndi pa phokoso. Nyimbo yotsegulira Doctor Who anaipeka ndi Ron Grainer, koma amene anaipanga kuti imveke mmene imamvekeramo ndi Delia Derbyshire, podula ndi kulumikiza tizidutswa ta tepi, kamvekedwe kalikonse pakokha, popanda woimba ndi mmodzi yemwe. BBC sinamulembe dzina ngati wopeka nawo.

Ku nthabwala sindikhalitsako. Nthabwala zimakalamba msanga kuposa zoopsa, makamaka zodalira mawu ndi ndale za nthawi yake. Zomwe zimakhalitsa ndi za thupi. Lucy akulimbana ndi lamba wa chokoleti mufakitale mpaka kumabisa zina m'kamwa ndi m'chipewa, mwana wa zaka zisanu amaseka osamva Chingerezi. Fawlty Towers ili ndi magawo 12 okha, a mu 1975 ndi 1979, ndipo palibe lotaya, ngakhale kuti mmene amamuchitira Manuel, wantchito wa pa hotelo ya m'seweroli, pena pamawawitsa mtima. The Addams Family ndi The Munsters zinayamba limodzi mu 1964 n'kuthera limodzi mu 1966. Ine ndili mbali ya Addams, chifukwa banja lija silidziwa n'komwe kuti ndi lachilendo.

Mukakonzeka kubwerera kwa Doctor, pitani ku zomwe zinapezeka ku Jos. The Enemy of the World tsopano ndi yathunthu, magawo onse asanu ndi limodzi. Troughton akusewera anthu awiri, Doctor ndi wolamulira wankhanza dzina lake Salamander, ndipo nkhaniyo akuti ikuchitika m'chaka cha 2018, chomwe kwa iwo chinali tsogolo lakutali. Ikatha imalowa mu The Web of Fear, ya zilombo za Yeti m'njanji za pansi pa London. Imeneyo konzekani kudumpha dzenje limodzi: gawo lachitatu, lomwe msilikali Lethbridge-Stewart akuonekera koyamba, silinabwere nawo. Morris ananena kuti analiona pa shelefu pamodzi ndi anzake, koma linasowa zitinizo zisanatumizidwe ku Britain. Pamenepo mudzaonera makatuni a mu 2021 kapena zithunzi za Cura, kenako n'kupitiriza ndi gawo lachinayi.