Kodi ampu timaika, timakhazika kapena timamanga?

Mafunso a sabata ino onse achokera muno mu Lusaka, ndipo akukhudza ntchito imodzi, yomanga ampulifaya (ampu mwachidule), chipangizo chowonjezera mphamvu mawu ochokera ku wailesi asanafike ku masipika, m'galimoto zija zimene denga lake amachita kupinda. Galimoto zoterezi n'zochepa m'misewu yathu, ndipo zambiri zimabwera zitayendako kale kunja, makamaka ku Japan, koma zikafika m'manja mwa amagetsi a galimoto zimafuna kusamala kwambiri, chifukwa malo ndi ochepa, madzi amalowa mosavuta, ndipo zinthu zoopsa kuziboola zili pafupi ndi pamene munthu angafune kuikapo ampu. Pa ntchito yotere mneni wosankhidwa mwachisawawa akhoza kuwonongetsa katundu wa eni ake.

Funso loyamba lachokera kwa bambo wina wokonza za magetsi a galimoto ku Matero, amene akulemba pepala la malangizo la anyamata ophunzira ntchito. Iwo akuti: "Ndinalemba kuti 'Ikani ampu kuseri kwa mpando.' Mnzanga akuti ndilembe 'khomerani', wina akuti 'mangirirani', pamene anyamata eni ake amangoti kufitinga. Cholondola ndi chiti?"

Bambo, aneni atatu oyambawo ndi Chichewa chabwino, koma aliyense akutuma mnyamata ntchito yosiyana ndi ya mnzake. Kuika ndi kusiya chinthu pamalo, basi. Mnyamata amene wasiya ampu pa kapeti, n'kulumikiza mawaya, n'kutseka chitseko, wamvera lamulo lanu lonse ndipo simungamuimbe mlandu, ngakhale kuti galimotoyo ikadzagunda dzenje kapena hampu ampuyo idzatsetsereka, waya wa moto n'kuzuka n'kukhudza chitsulo. Kukhomera kumaitana hamala ndi msomali, zinthu zimene siziyenera kuyandikira chipangizo chokhala ndi tizitsulo tosachedwa kuthyoka m'kati mwake. Kumangirira kumakumbutsa chingwe kapena mphira, monga mmene timachitira ndi katundu wa pa njinga, ndipo wophunzira akhoza kukulunga ampu ndi malegeni n'kutseka mipata imene imatulutsira kutentha. Kufitinga sindikudana nako pakamwa, poti ndi mmene galaja ya mu Lusaka imayankhulira, koma kumaphimba ntchito zonse pamodzi, kuyambira kupima malo mpaka kuyesa nyimbo, motero sikuuza wophunzira choyamba kuchita ndi chotsatira.

Aneni amene mukuwafuna ndi awiri, kukhazika ndi kumanga. Kukhazika ndi kuika chinthu kuti chikhale bwino, chosapendekeka ndi chosagwedera. Kumanga, m'chiyankhulo cha amakanika, ndi kulimbitsa ndi bauti kapena sikuluwu, ndipo mnzake wotsutsana naye ndi kumasula. Ine ndikadalemba motere: "Khazikani ampu pa thabwa, muimange m'makona onse anayi, kenako mumange thabwalo ku chitsulo cha galimoto. Mukatero, lumikizani mawaya." Thabwalo lili ndi ntchito yake, chifukwa limalekanitsa chikuto cha ampu ndi chitsulo cha galimoto, zimene zimathandiza kupewa kulira kuja kwa m'masipika kumene kumakwera ndi kutsika motsatira injini. Taonaninso kuti mawaya ali ndi mneni wawo, kulumikiza, ndipo ndi bwino kuusunga pa mawaya pokha kuti wowerenga asasokoneze ntchito ya sipanala ndi ntchito ya magetsi.

Pa chithunzi cha pepala lanu chimene mwatumiza pali chiganizo china chimene simunafunse, koma sindingachilambalale. Mwalemba kuti: "Musaboole chitsulo yang'anani kuseri." Apa pasowa kachidutswa kamodzi, -na-, ndipo kusowa kwake kwasintha uthenga. "Musaboole" ndi kuletsa, kutanthauza kuti kuboola kulibe. "Musanaboole" ndi kunena nthawi, kutanthauza kuti kuboola kulipo koma pali chofunika kuyamba chachitika. Mnyamata wowerenga mothamanga akaona kuti mukuletsa chinthu chimene inu nomwe mumachita tsiku ndi tsiku, adzaganiza kuti chiganizo chonsecho n'chosafunika, ndipo kuyang'ana kuseri kuja adzakusiya. Mu Mazda MX-5, mwachitsanzo, thanki ya mafuta imakhala kuseri kwenikweni kwa mipando iwiriyo, pansi pa malo amene denga limagonapo likapindidwa, ndiye kuti nsonga ya dirilo ikangopitirira pang'ono yafika pa petulo. M'galimoto zina za mtunduwu m'mbali mwa buti mumadutsa mapaipi a mafuta oyendetsa denga, ndiponso timapaipi totaya madzi a mvula, osaiwala mapaipi a mabuleki kunsi kwake. Lembani kuti: "Musanaboole chitsulo, yang'anani kuseri kwake." Musaiwale mpumiro pakati, ndipo "kwake" akuloza bwino kuti ndi kuseri kwa chitsulocho, osati kuseri kwa galimoto. Kachidutswa komweko kafunikanso pa lamulo limene liyenera kukhala pamwamba pa pepala lonse: "Musanagwire waya aliyense, masulani waya wa negetivu pa batire."

Mayi wina wa ku Kabwata akuti analemba pa Facebook kuti akufuna mmisiri womanga ampu "m'galimoto yopanda denga", ndipo mwana wa mchemwali wawo anawauza kuti alakwitsa. Akufunsa ngati mwanayo akunena zoona, ndiponso ngati "denga lopindika" likanakhala bwino.

Mayi, mwanayo wanena zoona. Galimoto yanu denga ili nalo, kungoti limachoka pamutu mukafuna, ndipo "yopanda denga" imapatsa munthu chithunzi cha lole kapena galimoto imene inachita ngozi. "Denga lopindika" nalonso lili ndi vuto, chifukwa kachidutswa ka -ik- kamanena zinthu ziwiri, kuti chinthu chingathe kuchitika kapena kuti chachitika kale chokha. Tikamati chitsulo chapindika timatanthauza kuti chakhota, ndiye wowerenga wina adzakutumizani kwa owongola mabodi. Njira yomveka kwa aliyense ndi yakuti "galimoto ya denga lochita kupinda", ndipo amene anakula akunena mtenje kapena tsindwi akhoza kuika mawu awowo m'malo mwa denga popanda kusintha china chilichonse.

Kunena bwino zimenezi kumathandiza mmisiriyo kukonzeka asanaione n'komwe galimoto. Denga likapindidwa limadya malo amene ankaoneka ngati opanda ntchito, choncho ayenera kupima malo a ampu kawiri, denga lili chotseka ndiponso lili chopinda, n'kuonetsetsa kuti palibe waya wodutsa pamene zitsulo za denga zimayenda. Ayeneranso kukumbukira nyengo yathu. Mvula ya mu Lusaka, imene imayamba cha mu Novembala n'kufika mu Malichi kapena Epulo, imatha kugwa mwadzidzidzi denga lili chotsegula, ndipo madzi amathamangira pansi pa mipando, pamalo omwe anthu ambiri amakonda kubisapo ampu m'galimoto wamba. N'chifukwa chake mu galimoto ngati yanu ndi bwino ampu ikhale pamalo okwera pang'ono, osaonekera kwa odutsa pamene mwaimika galimoto m'tauni.

Wophunzira wina wa za umakanika akufunsa mwachidule: kodi ndi "ampu wanga" kapena "ampu yanga", nanga bwanji osangoti mkuzamawu, poti ndi mawu athuathu?

Zonse ziwiri zimamveka, chifukwa mawu obwereka amayamba ayendayenda m'magulu a mayina asanakhazikike. Galimoto yeniyeniyo ena amati "yanga", ena "langa", ndipo pochulukitsa timamva "galimoto zanga" ndi "magalimoto anga". Ine ndimalemba "ampu yanga" ndi "maampu anga", motsatira wailesi ndi injini, pamene waya anakhazikika kale m'gulu lina, "waya wanga, mawaya anga". Chofunika ndi kusasintha pakati pa nkhani. Mukayamba ndi "ampu yatsopano" musamalize ndi "wapsa", chifukwa m'chiganizo chimene mulinso waya wowerenga adzayesa kuti wapsa ndi wayayo. Za mkuzamawu, mawuwa ndi okoma ndipo ndimawakonda, koma anthu anawazolowera pa chinthu chimene chimatulutsa mawu pa msonkhano kapena ku tchalitchi. Ampulifaya payokha siilira. Imalandira mawu ofooka kuchokera ku wailesi, n'kuwapatsa mphamvu yokwanira kugwedeza masipika. Mukapita ku masitolo a ku Kamwala n'kufunsa mkuzamawu adzakupatsani sipika, choncho pa ntchito iyi ampu ndi sipika zikhale ndi mayina awo osiyana.

Funso lomaliza ndi limene landigwira mtima kwambiri. Lachokera kwa bambo wina wa ku Chilenje amene akumasulira malangizo obwera ndi ampu kuti mng'ono wawo, amene sawerenga bwino Chingerezi, awamve. Afunsa ngati angalembe "waya wa pansi" ponena waya wachiwiri wochokera pa ampu, ngati "malaiti" angalowe m'malo mwa magetsi monga timanenera mu Lusaka, komanso mmene angalembere za kukula kwa waya.

Bambo, "waya wa pansi" musalembe. Kwa munthu wa Chichewa pansi ndi pa dothi kapena pa simenti, mwinanso pa kapeti ya galimoto, ndipo mng'ono wanu akhoza kuganiza kuti ndi waya wongoyala m'munsi. Amagetsi amati waya wa ethi kapena wa negetivu, ndipo ndi mawu amene adzawamve akapita kukagula zipangizo. Lembani mawu amenewo, koma muwonjezere chimene wayayo amachita: "Waya wa ethi amangidwe ku chitsulo cha galimoto, pamalo amene mwapala penti mpaka chitsulo kuwala, ndipo akhale wamfupi." M'galimoto magetsi amabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha bodi, choncho penti kapena dzimbiri zikatsala pansi pa bauti ampu imalandira moto wosakwanira, imazimazima ndipo imachita phokoso.

"Malaiti" ndi mawu abwino kunyumba, pamene tikudandaula kuti apita, koma m'galimoto malaiti ndi nyali za kutsogolo ndi za kumbuyo. Mukalemba "waya wa malaiti", munthu akhoza kukatenga moto wa ampu pa waya wa nyali, amene ndi woonda kwambiri pa katundu wotere. Mawu a m'galaja ndi moto, monga timanenera kuti batire latha moto, ndiye lembani "waya wa moto", ndipo munene kuti achokere pa pozitivu ya batire lenilenilo, lija la mavolti 12. Pomwepo pakufunika chiganizo cha fyuzi, chimene chiyenera kukhala ndi nambala, chifukwa "pafupi" aliyense amapima ndi maso ake: "Fyuzi ikhale pa waya wa moto, osapitirira masentimita 45 kuchokera pa batire." Fyuzi imeneyi ntchito yake ndi kuteteza wayayo kuti asayake akakhudza chitsulo, n'chifukwa chake siyenera kukhala kumapeto, pafupi ndi ampu. Muonjezerenso kuti waya akamadutsa pa bowo la chitsulo pakhale kamphira komuteteza kuti asachekeke, ndiponso kuti zingwe za RCA, zonyamula mawu kuchokera ku wailesi, zidutse mbali ina, kutali ndi waya wa moto. M'galimoto zina za denga lochita kupinda batire limakhala m'buti, ndipo zikatero ntchito imapepuka chifukwa wayayo amafupika.

Pa kukula kwa waya, "wamkulu" sakwanira, chifukwa ena adzamva kutalika. Nenani kuti wonenepa kapena woonda, ndipo muchenjeze kuti manambala a geji, muyeso wa kunenepa kwa waya, amayenda chobwerera, kutanthauza kuti geji 4 ndi waya wonenepa kuposa geji 8, ndipo mkuwa wake ndi wochuluka pafupifupi kawiri ndi theka. Mawu akuti "geji yaikulu" muwapewe ndithu, popeza palibe angadziwe ngati mukunena nambala kapena wayayo. Waya wa ethi anenepe mofanana ndi wa moto. Tchulaninso mkuwa, chifukwa pamsika pali mawaya a aluminiyamu ongokutidwa ndi mkuwa pamwamba, amene amaoneka ofanana ndi enieni koma amapepuka m'manja ndipo sanyamula moto wofanana. "Waya wa mkuwa wokhawokha" ndi mawu amene wogulitsa aliyense m'dziko lino la mkuwa adzawamva.

M'kalata yomweyo mwalemba kuti mukuopa kuti ampu "ingapse ndi dzuwa la Okutobala". Apa siyanitsani kutentha ndi kupsa. Ampu ikutentha ndiye kuti ikadali yamoyo, ndipo zambiri zimadzizimitsa zokha zikatentha mopitirira, n'kuyambanso zikazizira. Ampu yapsa ndiye kuti za m'kati zawonongeka ndipo ikufuna wokonza kapena ina. Mng'ono wanu akadzakuimbirani foni, kusiyana kumeneku ndi kumene kudzakuuzeni ngati mukufunika ndalama kapena kungosintha malo. Choncho m'malangizomo lembani kuti ampu isafundidwe ndi kapeti kapena nsalu ya denga, isamangidwe chadodolido, isakhale pamene dzuwa limawomba denga likatseguka, ndipo pakhale mpata woti mpweya uziyenda m'mbali mwake ndi pamwamba pake. Ngati malo ali opanikizika kwambiri, maampu a gulu la D ndi ang'onoang'ono ndipo satentha kwambiri ngati a gulu la AB, choncho mng'ono wanu afunse za gulu la ampu asanapereke ndalama.