Ajenti akufuna K3 miliyoni kuti andipezere ntchito ku UK, ndipereke?

Yandipeza imelo ya mtsikana wina wa ku Luchenza. Ali ndi MSCE ndi satifiketi ya kasamalidwe ka odwala, koma ntchito yakanika kupezeka. Pa gulu lina la WhatsApp wakumana ndi ajenti amene akulonjeza ntchito yosamalira okalamba ku UK, ndipo akufuna K3 miliyoni, theka lake sabata yomwe ino. Mayi ake akuti agulitse mbali ina ya munda. Iye akufunsa kuti, "Ndipereke? Ngati ayi, njira yeniyeni yopitira kunja ndi iti?"

Achemwali, musapereke, ngakhale tambala imodzi. Ndipo mundawo usagulitsidwe.

Kuyambira pa 22 July 2025, boma la UK linasiya kupereka ma visa atsopano kwa anthu ochokera kunja ofuna ntchito yosamalira okalamba ndi odwala m'makomo. Zinayamba kuthina mu March 2024, pomwe analetsa ogwira ntchito imeneyi kutenga mwamuna, mkazi kapena ana. Anzathu amene mukuwaona pa Facebook atavala majekete ku Manchester analowa khomolo lisanatsekedwe. Ndiye munthu amene akukugulitsani ntchito imeneyi lero, kapena sakudziwa zimene akugulitsa, kapena akudziwa bwino lomwe kuti akukuberani. Ngakhale nthawi imene khomo linali lotsegula, bwana wolemba munthu wakunja ankayenera kukhala ndi laisensi ya boma, dzina lake n'kumaoneka pa mndandanda umene uli pa webusaiti ya boma la UK, ndipo chikalata chimene bwanayo amapereka kuti munthu apemphere visa, chotchedwa Certificate of Sponsorship, si katundu wogulitsa. Ambiri amene anachigula anakafika kumeneko n'kupeza kuti kampani ilibe ntchito yowapatsa, ngongole ili phwii kumudzi.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chimene chimabwera pambuyo pake. Mukapereka theka lija, pakapita milungu ingapo mudzamva kuti, "Za UK zavuta pang'ono, koma ku Oman kuli malo, mukayambe kaye kumeneko." Poti ndalama zapita kale, munthu umavomera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2024 atolankhani a BBC anaulula nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene anakodwa ku Oman, atalonjezedwa ntchito zabwino koma n'kukakhala antchito a m'nyumba, mapasipoti atalandidwa, ena akumenyedwa ndi kugwiriridwa. M'mayiko ambiri a kumeneko visa ya wantchito imamangiriridwa kwa bwana amene anamuitanitsa, dongosolo lotchedwa kafala. Ukachoka pakhomo popanda chilolezo chake, wolakwa amakhala iweyo. Kuti amayiwo abwerere, panafunika kuti boma lathu ndi anthu akufuna kwabwino alowererepo ndi ndalama.

Sindikunena kuti kufuna kupita kunja n'kulakwa. Chichokereni November 2023 pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, malipiro a wothyola tiyi pa esiteti sakwanira n'komwe sopo, ufa ndi fizi, ndipo namondwe Freddy anasiya mabanja ambiri kuno kwathu alibe poyambira. Agogo athu ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera pa Wenela pa chifukwa chomwechi. Koma mayiko akusintha malamulo mofulumira kuposa mmene nkhani zimafikira pa WhatsApp. Ku Joni mumalowa ndi masiku 30 a mlendo, osati a ntchito, ndipo akatha mumakhala mozemba apolisi, mapeto ake n'kukhala ku Lindela, kumalo osungira alendo ogwidwa opanda mapepala, kudikira basi yobwerera. Ku America, mu August 2025, Malawi inali pakati pa mayiko awiri oyamba amene nzika zake zinauzidwa kuti zizisiya chikole cha ndalama zofika $15,000 pofuna visa ya mlendo.

Ku Israel anyamata ndi atsikana athu anayamba kupita kukagwira ntchito m'minda kumapeto kwa 2023, ndipo mu 2024 maboma awiriwa anasainirana mgwirizano. Ena athandizadi makolo. Koma chaka chomwecho Amalawi 12 anabwezedwa atagwidwa atathawa m'minda n'kukagwira ntchito pamalo ophikira buledi. Visa yawo inali ya m'munda basi. Mukamva za ntchito ngati zimenezi, yambani mwapita ku ofesi ya Labour pa boma, ku Thyolo kapena ku Mulanje, mukafunse ngati ajentiyo akudziwika ndi unduna.

Poti mtima wanu uli pa odwala, njira imene ndingakulimbikitseni ndi yaitali koma ndi yeniyeni: unamwino. Sukulu zili pafupi, Malamulo ku Makwasa ndi Mulanje Mission. Funsitsani musanayambe ngati maphunzirowo akufikitseni pa unamwino wa registered, chifukwa mayiko akunja amayang'ana zimenezo. Mukalembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi n'kugwirako ntchito, mumalemba mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, kenako mayeso a bungwe la anamwino la dziko limene mukupitalo. Dziwaninso kuti Malawi ili pa mndandanda wa WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, wa mayiko osowa ogwira ntchito zachipatala, choncho malamulo a UK saloleza maajenti kubwera kudzakopa anamwino kuno. Namwino amafunsira yekha ntchito kuchipatala chimene chalengeza malo. Ndipo zakunjazo zikakanika, pepalalo likudyetsani konkuno.

Za munda, auzeni mayi modekha. Kuno malo ambiri ali m'manja mwa maesiteti, ndipo banja limene lagulitsa kamunda kake kawirikawiri silipezanso kena. Katapila nayenso ayi.

Ajenti wanuyo mufunseni dzina la kampani yokulembani, mtundu wa visa, ndi kontrakiti yolembedwa yoti muwerenge muli kunyumba. Muone ngati ali ndi ofesi yoti mungafikeko, kapena angofuna ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba. Pasipoti yanu musampatse. Akayamba kukukakamizani kapena kutchula dziko lina, sungani mauthenga onse ndi nambala yake, mukawaonetse apolisi, chifukwa lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa anthu limakhudzanso olemba anzawo ntchito mwachinyengo, ndipo pa gulu la WhatsApp limenelo pali atsikana ena amene akuuzidwa zomwezi.