Ndalama za nyengo zimathera kuti?

FUNSO: Ndimagula usipa pa doko la Msaka, kuyanika pa thandala n'kukagulitsa ku Limbe. Mvula ikandipeza usipa umavunda, ndiye ndimawamba ndi nkhuni zodula. Pa wailesi ndimamva kuti mayiko olemera alonjeza ndalama zotetezera chilengedwe. Zimathera kuti, poti ife timangouzidwa kuti tileke kudula mitengo?
Mayi wa ku Msaka, Mangochi

YANKHO: Mayi, dandaulo lanu n'lomveka. Utsi umene ukutenthetsa dziko wachokera kwambiri ku America, ku Ulaya ndi ku China, koma namondwe Freddy atabwera mu Malichi 2023 maliro anali kwathu kuno. Poona kukondera kotere, mu 2022, pa msonkhano wa zanyengo ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt, mayiko anavomera kukhazikitsa thumba la ndalama lothandiza mayiko ovutika ndi ngozi zotere. Mu 2024, ku Baku m'dziko la Azerbaijan, analonjezanso madola 300 biliyoni pachaka pofika 2035.

Chimene wailesi siinena kawirikawiri n'chakuti gawo lalikulu la ndalama zotere limabwera ngati ngongole, ndipo zimadzera ku boma ndi ku mabungwe. Ine zimandipweteka kuti mayi ngati inu amamva za ndalamazi mapulani atatha kale.

Komabe zina zinafika m'mbali mwa nyanja. Mayiko a Canada ndi Australia anathandiza akatswiri athu kuyesa nyumba zapulasitiki zoyanikiramo nsomba m'madoko a Mangochi ndi Salima. Ndinalowamo mu ina masana mvula ikuwaza. Thukuta linandituluka pomwepo, ntchentche munalibe, ndipo usipa unali pa mathandala osanjikizana, woyera mbee, wopanda mchenga. Sanayatse ngakhale chikuni chimodzi. Usipa wotere ndi umene ogula m'tauni salimbana nawo pa mtengo.

Thandizo lotere silipita kwa munthu mmodzi. Ngati muli ndi banki mkhonde, yambirani pomwepo: lembani mayina, ndalama zimene mwasonkha ndi mabeseni a usipa amene amakuvundirani nyengo ya dzinja. Kalatayo ipite ku komiti ya pa doko, BVC, kenako ku komiti ya chitukuko ya m'dera, ADC, ndi ku ofesi ya zausodzi ya boma la Mangochi. Akadzabwera a polojekiti, musanasaine chilichonse muwafunse kuti pulasitiki ikadzang'ambika iwo atapita, yatsopano mudzaigula kuti ndipo pa mtengo wanji.