Zumu ya 60x sibweza ngongole ya katapila

"Alangizi, ndine mnyamata wa ku Kasungu. Ndimajambula anthu ndi foni pa zinkhoswe ndi maukwati, ndipo amandiyamikira. Ndasunga K400,000. Msuweni wanga ku Johannesburg wandipezera makamera atatu ogwirapo kale ntchito: Nikon Coolpix B500 ya 40x, Canon PowerShot SX540 HS ya 50x ndi Panasonic Lumix FZ80 ya 60x. Ndalama yoperewera, K300,000, ndikufuna kutenga kwa akatapila pa 30 peresenti pamwezi. Ndikufuna yokoka patali kwambiri kuti Lamlungu ndizijambulanso mpira. Ndigule iti?"

Achimwene, makalata otere amabwera kawirikawiri, ndipo onse amafunsa za ma x. Palibe amene amafunsa kuti mkwatibwi adzakhala ataima pati. Chonsecho ndalama yanu ili pa funso limenelo. Mkwatibwi saima kutsidya kwa dambo. Amakhala mamita atatu kapena asanu kuchoka pamene muli, m'tchalitchi cha mazenera ang'onoang'ono, kapena mu holo cha m'ma 5 koloko madzulo perekaniperekani atafika pakolasi, magetsi atathima. Pamenepo zumu sikuthandizani chilichonse. Chofunika ndi kamera yotha kuona mumdima, ndipo atatu mwatchulawa onse ndi ofooka pomwepo.

Ma x aja tithane nawo msanga, chifukwa ogulitsa amadyerapo. Nambala imeneyi imangonena kusiyana kwa pamene lenzi imayambira ndi pamene imathera. Canon yanuyo imayambira pa 24mm kukafika 1200mm, ndiye 1200 kugawa ndi 24, 50x. Panasonic imayambira pa 20mm kukafika 1200mm yomweyo, ndiye 60x. Patali zimafika pamodzimodzi. Panasonic yangoposa potambasula, zomwe zimathandiza pojambula gulu la akuchikazi ndi akuchimuna m'chipinda chopanikizika. Nikon imayambira pa 22.5mm kukathera pa 900mm. Mukaona pabokosi la makamerawa palembedwa 80x kapena 100x, imeneyo ndi zumu ya digito, kamera imangodula pakati pa chithunzi n'kupakulitsa, monga imachitira foni yanu. Musalipire ngakhale tambala chifukwa cha nambala imeneyo.

Kuti lenzi yokoka chonchi ikwane m'kamera yonyamula ndi dzanja limodzi, opanga amaika sensa (kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera) yaing'ono kwambiri, ya mamilimita pafupifupi 6 kwa 4.5, yosafika ndi chikhadabo cha kachala kanu kakang'ono. Sensa ya kamera zosintha malenzi monga Nikon D3400 ndi ya mamilimita 23.5 kwa 15.6, malo ake kuposa apo ka 13. Onjezani kuti mukakoka zumu mpaka kumapeto, khomo lolowera kuwala limachepa kufika f/6.5 pa Nikon ndi Canon, f/5.9 pa Panasonic (nambala ya f ikakula, khomo limachepa). Kamera ikasowa kuwala imachita ziwiri: kukweza ISO (mphamvu yowalitsira chithunzi) kapena kuchedwetsa shata (kachitseko kolowetsa kuwala pojambula). ISO ikadutsa 800 pa kasensa kotere, nkhope zimaoneka ngati zopaka, tsitsi limagwirana, suti yakuda ya mkwati imatuluka timadontho. Shata ikachedwa, wovina aliyense amatuluka mbuu. Pa sikirini ya kamera simuona vuto. Mudzaliona tsiku lotsukitsa chithunzi chachikulu choika pakhoma, mwini ukwati ataima pambali panu. Mwinanso foni yanu yomweyo ingaipose mu holo, poti mafoni a masiku ano amajambula zithunzi zingapo nthawi imodzi n'kuziphatikiza.

Sindikuti makamerawa ndi achabe. Pa dzuwa amagwira ntchito ndithu: mpira wa masana, masewera a sukulu, ndawala, misonkhano ya pabwalo pamene achitetezo sakulolani kuyandikira, mbalame ndi njovu ku Liwonde. Pa mpira ikani shata pa 1/1000 kuti wosewera aime bwino, musakoke kudutsa 600mm ngati mulibe chogwiriziza kamera, ndipo dziwani kuti m'mwezi wa Okutobala nthunzi ya kutentha ndi fumbi zimaononga chithunzi cha patali ngakhale kamera ikhale yodula bwanji. Koma ndikufunseni: chithunzi cha mpira wa Lamlungu amagula ndani? Wosewera amati "munditumizire pa WhatsApp, bwana", basi nkhani yathera pomwepo.

Mukakakamira kuti mwa zitatuzi ndisankhe, tengani Panasonic, imene ku Britain amaigulitsa ndi dzina la FZ82. Ili ndi kabowo koikapo diso pojambula, ndipo pa dzuwa la kwathu kuno zimenezo si zamasewera, chifukwa pa sikirini masana simuona kanthu, komanso kamera ikagunda pankhope sigwedera kwambiri. Ili ndi pomangira fulashi yakunja pamwamba, imajambula RAW, chithunzi chosakonzedwa choti mukonze kuwala pa kompyuta, imajambula vidiyo ya 4K, ndipo batire lake limatchajidwa ndi USB, kotero pawabanki imakupulumutsani magetsi akavuta. Canon ilibe kabowo ka diso, ilibe pomangira fulashi, ilibe RAW, koma imakulolani kusankha nokha shata ndi khomo la kuwala. Nikon B500 ngakhale zimenezo sikupatsani, imaganiza yokha. Ubwino wake ndi umodzi: imadya mabatire anayi a AA opezeka pa golosale iliyonse. Mukatenga imeneyo gulani mabatire otchaja a NiMH asanu ndi atatu ndi chaja chake, apo ayi phindu lonse lithera pa mabatire.

Koma ngati ndalama ikuchokera ku maukwati, uzani msuweni wanuyo asiye zitatu zonsezi, afufuze Nikon D3300 kapena D3400, kapena Canon 1300D, yokhala ndi lenzi yake ya 18-55mm. Mukapeza kangachepe onjezani fulashi yakunja, kenako lenzi ya 50mm f/1.8, imene imalowetsa kuwala kuposa f/6.5 ija pafupifupi ka 13. Pa Nikon zimenezi lenzi ikhale yolembedwa AF-S, chifukwa ya AF-D yakale sidziika yokha pa fokasi, mudzachita kupotokola ndi dzanja. Mukakumana ndi Canon 2000D kapena 4000D yang'anani pomangira fulashi: zambiri zilibe kachitsulo ka pakati, ndipo mafulashi otchipa ena sayaka.

Tsopano tifike pamene mwalakwitsa zenizeni. Kamera yolakwika mutha kuigulitsa n'kutaya pang'ono. Katapila sagulitsika. K300,000 pa 30 peresenti ndi K90,000 mwezi uliwonse, ndipo imeneyo ndi chiongoladzanja chokha, ngongole ili chiimire. Tinene kuti pa chinkhoswe chimodzi, mutachotsa kabaza, kutsukitsa zithunzi, bandulo ndi chakudya, mumatsala ndi K25,000. Ndiye kuti pafupifupi zinkhoswe zinayi, Loweruka lililonse la mwezi, mukugwirira munthu amene wangokhala pakhonde pake. Mukalephera kulipira miyezi itatu, iye n'kumaphatikiza chiongoladzanja pa ngongole monga amachitira ambiri, K300,000 ija imakhala K390,000, kenako K507,000, kenako pafupifupi K660,000. Ndipo miyezi yolephera idzabwera, chifukwa kuyambira Januwale mpaka Malichi anthu amakhala ali pa feteleza, fizi ndi chimanga chogula, maukwati amachepa. Wakatapila sadziwa dzinja. Chikole chimene adzafune ndi kamera yomweyo, ndipo adzaitenga pa theka la mtengo wake.

Komanso K700,000 yanuyo mwawerengera kamera yokha. Simunaikepo memori khadi ziwiri, batire lachiwiri, chikwama, wonyamula katundu kuchokera ku Joni, ndi msonkho wa MRA pa chipata. Mtengo uli mu randi, ndipo amene anali ndi ngongole ya katundu wakunja mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, akhoza kukuuzani mmene zimawawira. Pa K400,000 muli nayoyo patulani K60,000 ya zinthu zimenezi. Yotsalayo ikapanda kukwana, dikirani. Pitirizani ndi foni, ntchito yaikulu ikapezeka bwerekani kamera kwa mnzanu wojambula pa mtengo wa tsiku limodzi, muuike mu mtengo wouza kasitomala. Mukatero mudzadziwanso kamera imene ikukuyenerani musanataye ndalama. Ngati kubwereka ndalama n'kosapeweka, pitani ku banki m'khonde kapena ku SACCO, mufunse chiongoladzanja cha nthawi yonse ya ngongoleyo mu makwacha, osati mu maperesenti, ndipo mutenge yoti ntchito ziwiri pamwezi zingabweze.

Mwati anthu amakuyamikirani. Simunati amakulipirani zingati, ndipo ndikukayika ngati mukudziwa. Gulani kope lero. Ntchito iliyonse lembani tsiku, dzina la mwini ntchito, mtengo munagwirizana, zimene wapereka, zimene zatsala, ndi zonse mwaononga mpaka kabaza. Theka la ndalama lizilowa pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku la ukwati lisanafike, theka linalo musanapereke zithunzi. Ukwati ukatha, komiti imabalalika, ndipo ndalama ya perekaniperekani imakhala ili ndi eni ake kale. Pa ntchito iliyonse patulaninso K5,000 ya kamera yotsatira, chifukwa mota ya zumu ikafa pa makamera a lenzi yosachotsekawa, kukonzetsa kumafuna kufanana ndi kugula ina.

Achibale nawo akubwera. Kamera ikangofika, mwana wa amalume ali ndi chinkhoswe, azakhali akufuna zithunzi za ku Mvano, mlamu akufuna kuibwereka apite nayo kunyanja. Inde, chibale ndi fupa, sichiola, koma Loweruka limene mwajambula ulere ndi Loweruka limene mwakana kasitomala wolipira. Ikani lamulo kamera isanafike: achibale amalipira zoyendera ndi kutsukitsa, ntchito yaulere ndi ya pakati pa sabata, ndipo kamera sibwerekedwa kwa wina aliyense. Mchenga wa kunyanja ukalowa mu lenzi yotuluka ndi kubwerera ija, mlamu adzangoti "yangosiya yokha".

Msuweni asanapereke randi iliyonse, akutumizireni vidiyo akuyesa kamerayo. Aiyatse ndi kuizimitsa kasanu, akoke zumu mpaka kumapeto n'kuibweza, mumvetsere ngati ikukhuluza kapena kuima panjira, ndipo ikalemba "lens error" ngakhale kamodzi aisiye. Aunike mu lenzi ndi tochi ya foni kuona nkhungu yooneka ngati ulusi woyera. Atsekule malo a mabatire kuona dzimbiri lobiriwira kapena loyera, makamaka pa Nikon ya AA ija. Ajambule khoma loyera atakoka zumu yonse, madontho akuda akaoneka ndiye kuti fumbi lili pa sensa, ndipo pa makamera a zumu yaitali kulichotsa n'kuchita kumasula kamera yonse. Ikakhala D3400 kapena 1300D, afunse kuti shata yawomba kangati, yosapitirira 30,000 ndi yabwino. Memori khadi agule m'sitolo yodziwika, ya 32GB iwiri m'malo mwa 64GB imodzi, ndipo risiti ya kamera ibwere pamodzi ndi katunduyo chifukwa pa chipata adzaifuna.